Madziwazonse m'Chigafa

Tsamba la makumi anayi litafika patebulo, anthu onse m'chigafa cha pa esiteti ya a Mphepo ku Chamama anasendera pafupi. Mayi Lefina, wosankha fodya wa pamalopo, analidutsitsa pansi pa kabokosi kawo koyezera fodya monga mwa masiku onse. Kanambala kofiira kanayaka, iwo n'kuliyala tsambalo pakati pa tebulo. Panadutsa kamphindi, kenako mawu osalala ngati a pawailesi anatuluka m'chimakina chatsopano chimene chinkayesedwa tsiku limenelo.

"Giledi yachiwiri."

Kabokosi nako kanali katalemba 2. Matenanti anaomba m'manja, ambiri a iwo osadziwa n'komwe chimene akuombera.

Mwini chimakinacho anali Benjamin, mwana wa mchemwali wawo wa a Mphepo, mnyamata amene anabwera kuchokera kusukulu ku Lilongwe ndi tayi ndi nsapato zosongoka. Tayi m'chigafa cha fodya, mwezi wa Epulo! Iye ankachitchula kuti Ubongo, ati chifukwa chinalukidwa ngati mitsempha ya m'mutu mwa munthu, ndipo palibe amene anachilembera malamulo: chimaphunzira chokha poona. Antchito anangochipatsa dzina loti Madziwazonse. Chinkalosera mvula, kulemba makalata a Chingerezi, ngakhale kulangiza a kapitawo za banja lawo. Kudya nako chinali katswiri: masola asanu ndi limodzi padenga, ndi bandulo ya intaneti sabata iliyonse. Kwa miyezi itatu kamera yake inalendewera pamtanda, ikuyang'ana tebulo lonse ndi kujambula tsamba lililonse limene mayi Lefina ankasankha.

Nanga kabokosi kaja? Kanthu komvetsa chisoni, kong'aluka pambali, komangidwa ndi mphira wa njinga, kodalira mabatire awiri a tochi. Kankadziwa ntchito imodzi yokha basi: kuyeza mtundu ndi chinyezi cha tsamba, n'kuonetsa nambala motsatira malamulo amene wina anakaikamo kalekale. Ukakafunsa za mvula, kangokuyang'ana. Zaka khumi ndi ziwiri kanakhala pakona yomweyo ya tebulo, mpaka thabwa linachita chipsera.

M'mawa umenewo a Mphepo anali atanena poyera kuti Ubongo ukakhoza masamba makumi asanu osaphonya, ntchito ya mayi Lefina yatha. Ndipo pa esiteti nyumba imayendera limodzi ndi ntchito. Mayiwo anachoka ku Phalombe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Amuna awo anagona konkuno, ndipo kwawo kunalibenso ngakhale mzere umodzi wa munda wowadikira. Mantha anali nawo, koma anangotola tsamba lotsatira.

"Mwaona, amalume?" anatero Benjamin, akuloza kabokosiko ndi nsonga ya cholembera. "Aka n'kakapolo ka ntchito imodzi. Dziko linachoka kumeneko. Masiku ano timafuna mutu umodzi wodziwa zonse."

"Koma nanga bwanji chinthu chakochi chimachedwa kuyankha?" anafunsa a Mphepo.

"Chimayamba chaganiza kaye. Anzeru sathamangira kuyankhula."

A Mphepo anagwedeza mutu mokhutira. Iwo anali munthu woti chilichonse chodula n'chanzeru.

Masamba anapitiriza kubwera. Lofiirira bwino, lothothoka, lamawanga, lobiriwira kunsonga. Lililonse mayi Lefina ankalidutsitsa pansi pa kabokosi kuti abwana ayerekeze mayankho, ndipo lililonse Madziwazonse ankalikhoza. Pofika tsamba la makumi asanu, Benjamin anali atayamba kale kujambulitsa, dzanja lili pachimakina ngati mlenje pa nyama yake.

"Giledi yoyamba."

Kabokosi kanali katalemba 1. Nthungululu inamveka kumbuyo, kuchokera kwa mayi wina amene mayi Lefina anamuphunzitsa okha kugwira tsamba.

"Mayi, mwaona nokha," anatero a Mphepo, maso ali kumbali. "Mwezi ukatha mutipatse makiyi a nyumba."

"Ndamva, bwana."

Kupambana kokha sikunamukwane Benjamin. Ananyamula kabokosi kaja ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kukapereka kwa mayiwo anthu onse akuona.

"Tengani aka, amayi, n'kanu mpaka kalekale. Muzikakumbukira nako ntchito. Paja tsobola wakale sawawa. Si choncho, amalume?"

"Atenge, kangotidzazira malo," anavomera a Mphepo.

Mayi Lefina analandira ndi manja awiri, chifukwa ulemu sutha ndi ntchito. Anakakulunga pansonga ya chitenje, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo.

A Mphepo nawo anafuna kulawako kukoma kwa chuma chawo chatsopano. Anatola pansi tsamba lakuda, lowola, loti ngakhale mbuzi ingalinunkhize n'kudutsa, n'kuliponya patebulo akuseka.

Chimakina chinangoti duu. Kamphindi kaja kanadutsa, kenanso kanadutsa. M'chigafa munkangomveka kulira kwa kafani koziziritsa nzeru zija. Benjamin anamasulako tayi.

"Ubongo," anatero mokweza, "tsamba ili ndi giledi yanji?"

"Pepani," anayankha mawu osalala aja, "nambala yofiira ija sindikuionanso. Bwezerani kabokosi pakona paja kuti ndikuwerengereni."

Mayi Lefina anali atafika pakhomo. Sanatembenuke, anangomangitsa mfundo ya chitenje chawo.