Wodziwa Choletsa Aimirire

"Ngati alipo wodziwa choletsa kuti Leroy adzozedwe ubusa, aimirire," anatero abusa ochokera ku Harare.

A Chiwaya, mkulu wampingo wa ku Ruda, anagwira bondo. Anali atasala kudya, kufunsa Mulungu, koma kumwamba kunali zii. Ankadziwa kuti Leroy amakhala ndi Tongai, mwamuna mnzake, ngati banja. Ankadziwanso kuti kolera itatenga akazi awo, mpingo unaima patali, Leroy yekha ndiye ananyamula mtembo.

Pakhomo panaima achipani, akumvetsera. Chaka chimenecho wotchulidwa dzina, iwo ankalowa naye m'minda ya tiyi kukamumenya.

"Sekuru Chiwaya, mukudziwatu inu," ananong'ona mkulu mnzawo. "Mukakhala, ndiima ine."

A Chiwaya anamugwira mkono, nakanikiza.

Koma kumbuyo, kwa amayi a Mvano, benchi linalira, wina akuimirira.