Ulusi wa a Bansilal

Sunaina anatsika basi yochokera ku Gaya matope ali lekeza m'mawondo, n'kulunjika pansi pa mtengo pomwe a Bansilal amasokerapo nsapato.

Sabata yapitayo anawakalipira pomwepo. Nsapato zake zoyamba zothamangira, zotchipa koma zopepuka ngati pepala, mayi ake anazibweretsa zili zatsopano kuti azisokerere kuzungulira pansi ponse. Ulusi wakuda bii pa nsapato zoyera!

"Mwandinyazitsa, agogo," anatero tsikulo.

"Guluu wa zotchipa amaopa madzi, mwanawe," iwo anangoyankha choncho.

Lero, pa liwiro la mayeso olowera upolisi, mvula inavumba. Nsapato ya mtsikana amene anali patsogolo pake, yofanana ndi zakezi, inamatuka n'kuyasama. Sunaina anamupitirira.

"Zang'ambika?" anafunsa mkuluyo osadzutsa mutu.

"Zanditulutsa matuza, agogo. Koma ndakhoza."

Sunaina anawerama n'kugwira mapazi awo ong'aluka, monga amachitira ndi makolo ake popereka ulemu. A Bansilal anabweza miyendo msanga, n'kucheuka uku ndi uku. Kumeneko osoka nsapato ndi anthu onyozeka, ndipo chiyambireni ntchitoyi palibe amene anawagwirapo mapazi.

"Iwe, anthu akuona!" anatero mkuluyo. "Tavula yakumanzereyo, ndionenso chidendene."