Injini ya Mphuno Yaitali

Makapu atayamba kulira pa shelefu, mayiyo anasiya kugwedeza khanda lake n'kuyang'ana bambo ake omubereka. Dzulo lomweli bambowo anali atamuiwala, mpaka kumufunsa ngati ndi wantchito watsopano.

Bambowo, amene anayendetsa sitima zaka makumi atatu, anatsinzina n'kuika chikhatho pakhoma. Anali masewera a awiriwa kalekale: kuzindikira sitima ndi khutu lokha. Wolephera ankapukuta nsapato za mnzake.

"Ya mphuno yaitali iyo," anatero bambowo. "Imatsokomola ikafika pachitunda. Ikukoka mabogi a malasha."

Mayiyo anasuzumira pawindo. Inali injini yatsopano ija, ya nkhope yafulati, ikukoka mathanki a mafuta. Za mphuno yaitali zinasiya kale kuyenda, zikungochita dzimbiri kuseri kwa siteshoni.

Akanatha kungovomera kuti nkhalamba isangalale. Koma anapukusa mutu.

"Mwaphonya, ababa. Iyi siikutsokomola, ikung'ung'udza. Ndipo malasha salira chonchi. Ndi mathanki awa, opanda kanthu."

Bambowo anapendeketsa mutu mpaka thanki yomaliza itadutsa. Kenako anatsegula maso n'kumuyang'anitsitsa.

"Khutu muli nalo, mayi. Ndili ndi kamwana kanga kakakazi, timakatcha Kondakitala. Nakonso sikandimvera chisoni ndikaphonya." Anatambasula manja. "Lamulo ndi lamulo, bweretsani kuno."

Kondakitala anagoneka khanda pamphasa, navula nsapato zake, n'kuwapatsa bambo ake ndi manja awiri.