Kodi Halvorsen Ndi Wapamwamba?

Chipinda chosinthiramo zovala chinkanunkha thukuta, mankhwala opaka ndi masokosi onyowa, koma chimene chinkamuchititsa nseru Tavita Leota chinali funso la mtolankhani.

"Tavita, lero ndiye tingovomereza basi," anatero Nolan Pruitt wa pa wailesi, uku akumukankhira maikolofoni kukamwa. "Dale Halvorsen ndi wapamwamba, eti? Walowa m'gulu la akatswiri enieni aja?"

Funso limeneli linali litavunda. Mzinda wonse unkalitafuna chaka ndi chaka, m'mabala, kometetsa tsitsi, ngakhale pamaliro. Timu ikagonja, Halvorsen ankasanduka nkhalamba yotha ntchito. Ikapambana ngati lero, anthu omwewo ankafuna kumumangira chipilala. Tsono mwini timu anali atanena poyera kuti mzinda ukamufunabe munthuyu, amuwonjezera zaka zina ziwiri.

Zaka zina ziwiri!

Panalibe munthu womudziwa Halvorsen kuposa Tavita. Pa mpira wa ku America umene ankasewerawu, ntchito ya Tavita inali kuwerama pakati pa mzere wa osewera, kupatsira woponya mpira kudzera pakati pa miyendo, kenako n'kutchinga zimphona zofuna kumuphwanya woponyayo. Kwa zaka khumi, Halvorsen ankati akanyambita zala monga mwa chizolowezi chake, manjawo n'kuwatchera pansi pa matako a Tavita kudikira mpira. Zikayenda bwino, nkhope ya Halvorsen ndiyo inkatsatsa magalimoto pa kanema. Tavita ankabwerera kwawo akutsimphina, kukadziviika m'bafa la madzi oundana.

Anali atapitako kale kwa mphunzitsi wa timu kukadandaula za munthuyu, osati kamodzi. Mphunzitsiyo ankangomusisita paphewa n'kunena kuti bola tikupambana.

Pamasewerawa pali lamulo limene silinalembedwe paliponse: wotchinga sanyoza woponya mpira wake pagulu. Woyerekeza amapeza katundu wake atamulongedzera kale m'thumba la zinyalala. Mgwirizano wa Tavita ndi timu unkatha chaka chomwecho, bondo lakumanzere linali litayamba kale kulira, ndipo kunyumba kunali ana atatu. Zonsezi ankazidziwa bwino lomwe. Anapukuta kumaso ndi thaulo n'kuyang'ana Pruitt m'maso.

"Wapamwamba? Akulu, inu mumaonera masewero ake ati? Munthu uja anatha kalekale. Akaponya mpira umayenda ngati ukuperekeza maliro."

Atolankhani ena, amene anali ataunjikana patebulo la zakudya, anathamangira komweko mapiko a nkhuku adakali kukamwa. Wina anadonthetsera msuzi pa nsapato ya Tavita, osapepesa n'komwe.

"Komatu lero waponya mipira itatu yachigoli," anatero Pruitt, maso ali gwa ndi chimwemwe. "Chikhalirecho anamugunda koopsa kumutu chigawo choyamba chija. Anagwa chagada, anthu tonse zii, koma munthu anadzuka, dokotala n'kumulola kubwerera m'bwalo. Si mtima wa katswiri umenewo?"

"Ndi mtima wa chitsiru umenewo. Zigolizo ndi mwayi chabe, anyamata owakha aja ndiwo akumubisira manyazi. Lembani bwinobwino kuti ine Tavita ndatopa kubereka nkhalamba kumsana. Lamlungu likubwerali asewere mnyamata uja akungotenthetsa benchi. Halvorsen apite kwawo azikawedza nsomba."

"Aaa, Tavita! Imeneyi si nsanje?"

"Itchuleni momwe mukufunira, bola muilembe ndi zilembo zikuluzikulu."

Atolankhaniwo sanadikire kuti awauze kawiri. Anatuluka mopanikizana pakhomo, zala zikuvina pa mafoni, aliyense akufuna kuti nkhaniyi ayambe kuitulutsa ndi iye. Anthu amenewa, munthu atafera pamaso pawo, angayambe afunsa kaye kuti wagwera mbali iti ya mzere. Tavita ananyansidwa nawo mpaka analavula m'bini ya zinyalala.

Osewera anzake ankavala mofulumira, aliyense atamufulatira. Wina podutsa anamuponyera liwu limodzi lokha, lakuti Yudasi. Mphunzitsi anaima pakhomo manja atapinda pachifuwa, nkhope itachita kufiira.

"Mawa m'mawa, mu ofesi mwanga," anatero. "Ubwere ndi chikwama chachikulu."

Tavita anangogwedeza mutu. Mantha anali nawo ndithu, poti pa msinkhu wake ndi bondo loterolo palibe timu ina imene ikanamutola. Komabe sanalakelake kubweza liwu ngakhale limodzi. Mawa wailesi zonse zidzadzuka ndi nkhani yakuti munthu amene amamudziwa bwino Halvorsen wanena kuti watha, ndipo mwina mwini timu adzayamba kukanda mutu.

Chipinda chitatsala mbee, Halvorsen anatulukira kuchokera kosambira, imvi zili nyowe, malaya ali pamapewa. M'holo yoyandikana nayo atolankhani anali atayamba kale kusokosera, kumudikira kuti adzayankhe chipongwe cha mnzakeyo. Anayenda molunjika kwa Tavita n'kukhala naye pabenchi limodzi, zala zikulimbana ndi mabatani koma zikungophonya.

Tavita anagwada n'kuyamba kumumangira, monga ankachitira chiyambire nyengo ya masewero ino anthu onse akatuluka.

"Aise," ananong'ona Halvorsen, akumwetulira ngati mwana wosochera pamsika, "tandiuza msanga ngati sabata yatha ija, asanandifunse. Lero tapambana kapena tagonja?"