Waya wa Koyilo

Galimoto ya ku mishoni inazima pachitunda cha ku Mphunzi, ndipo Abambo, wansembe woyendetsa, anapatsa Kenan waya kuti agwire.

Bonifasio, mnyamata wothandiza pagalimotoyo, mtima unamuwawa. Chifikireni galimotoyo, iye ndiye ankaipukusa ndi chitsulo kutsogolo kuti ilire, mpaka zikhatho zinatuluka matuza, koma za mu injini sanaloledwepo kuzikhudza. Kenan wabwera dzana lomweli kuchokera ku Halale, lero wagwira kale waya.

"Pulagi siikutulutsa moto," anatero Abambo. "Tione ngati koyilo yotumiza motoyo ili moyo."

"Abambo, wayayo ndigwire ine," anatero Bonifasio. "A Kenan apukuseko, nawonso ali ndi manja."

Kenan anapereka msangamsanga, akumwetulira. Iye anali atagwira ndi zala ziwiri pamene panali pokutidwa ndi nsalu, koma Bonifasio anafumbata kunsonga kwenikweni, pachitsulo, ngati mpini wa khasu, kuti wina asamulande.

Kenan anapukusa mwamphamvu. Kabokosi ka koyilo kanalira ngati njuchi, ndipo moto unamuluma Bonifasio kuyambira m'zala mpaka m'mano. Anakhala pansi m'matope. Amayi amene ankapalira chimanga chapafupi anaweramira makasu awo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Koyilo ili bwino, vuto ndi pulagi," anatero Abambo. Kenako anamugwira Kenan paphewa. "Galimotoyi sinapukusidwepo chonchi. Kuyambira mawa uzikhala kutsogolo ndi ine, ndikuphunzitse kuyendetsa."

Bonifasio anali akadafumbatabe wayayo.