Kalata M'thumba la Buluku

Atelala amayamba apisa m'matumba asanasoke. Ndinakumbukira zimenezi buluku langa lili kale m'manja mwawo.

Kalata imene inali m'thumbamo ndinalembera mwana wawo wamkazi, amene amalandira zovala masiku onse. Tsikulo anali kuseri kwa katani, akusita.

Atelalawo anaitulutsa, anaitambasula, n'kukonza magalasi. Chala chawo chinaima pa liwu lachingerezi limene ndinalisaka m'dikishonale masiku atatu.

"Mnyamata, ili likuti chiyani?"

"Kulimba mtima ndi changu, bambo."

"Eti? Nanga maondowo akuwombaniranji?"

Kuseri kuja, simbi inaleka kuyenda.

"Dzina sunalembepo. Ikupita kwa yani?"

Khomo linali pafupi, lotsegula. Sindinathawe.

"Kwa amene akusitayo, bambo."

Anaipinda bwinobwino, osandichotsa maso.

"Iwe," anaitana mwana wawo uja, "tabwera kuno."