Wachisanu wa Mphezi Five

Wilbroad anali pamzere wa ufa ku Matero, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa, pamene wailesi ya wogulitsa fodya inalengeza:

"Lero yakwana zaka khumi ndi zisanu mbale yoyamba ya nyimbo ya gulu la Mphezi Five. Anyamata onse asanu anatisiya."

Gitala inalira, ng'oma zikutsatira. Zala zake zinayamba zokha kugunda pantchafu.

Mkazi wake anamukoka malaya. "Batate ba Vera, bauzeni bantu kuti ng'oma izo ndimwe! Muli moyo imwe!"

Iye anakumbukira mabokosi a maliro a anzake anayi amene ananyamula paphewa, limodzilimodzi.

"Basiyeni, bamake Vera," anayankha chapansipansi. "Nyimbo isile, ifike kumapeto. Ni lelo chabe batiikanso pamodzi."